Lipoti la Dalitso

Kambiranani

1. Kodi makolo anu amadziwa bwanji mmene mukuphunzirira?
2. Ndani amabwera kudzatenga lipoti lanu?

Mau ofunika

lipoti, temu, mlingo, mvekero, maphatikizo

Werengani nkhani iyi

Dalitso ali mu Giredi 2. Amakhala ndi ambuya ake m'mudzi wina kufupi ndi Katete.

Temu yoyamba itatsala pang'ono kutha, aphunzitsi anapatsa mwana aliyense kalata. Kalatayo inali yoitana makolo kuti adzatenge malipoti. Dalitso anaipinda, naibisa pansi pa mphasa. Iye anadziwa kuti mayeso a kuwerenga sanamuyendere bwino.

Pa Cisanu m'mawa, amake Tisa anafika pakhomo.

"Odi, Ambuya! Tiyeni kusukulu. Lero ndi tsiku lotenga malipoti."

"Malipoti? Ine sindinamve ai," anatero ambuya. "Iwe Dalitso, kalata ili kuti?"

Dalitso anaweramitsa mutu. Analowa m'nyumba, natulutsa kalata ija. Ambuya sanakalipe. Anangomanga citenje, nati, "Tsogola."

Kusukulu anapeza makolo ambiri. Nthawi yao itakwana, aphunzitsi anawapatsa mpando.

"Mwauka bwanji, Ambuya?"

"Tauka bwino, Aphunzitsi. Koma ine sindidziwa kuwerenga. Pepala ili likuti ciani? Mdzukulu wanga ndi nambala cani m'kalasi?"

"Lero tisayambe ndi nambala, Ambuya," anayankha aphunzitsi. "Tiyambe ndi zimene mwana akudziwa. Timayesa ana pa sabata la 5, pa sabata la 10 ndi kumapeto kwa temu. Tikatero, timaona mlingo umene mwana aliyense wafikapo. Milingo ilipo inai, ndipo uliwonse uli ndi mtundu wake."

Aphunzitsi analoza chati ca pakhoma.

"Wofiira utanthauza kuti mwana sanafike pofunika, ndipo afunika thandizo msanga. Wacikasu utanthauza kuti wangofika pofunika, koma acitebe khama. Wobiriwira utanthauza kuti akucita bwino monga tifunira. Wabuluu utanthauza kuti wacita bwino koposa."

"Ooo! Mitundu ndiye ndiidziwa," anatero ambuya. "Nanga Dalitso ali pati?"

"Pa masamu ali pa wobiriwira. Pa kuwerenga ali pa wofiira."

Misozi inalengeza m'maso mwa Dalitso.

"Usalire, mwananga," anatero aphunzitsi. "Wofiira si cilango. Ungotiuza pamene tiyenera kukuthandiza. Mvekero za malembo ukuzidziwa. Cokubvuta ndi kulumikiza maphatikizo kuti apange mau. Bwera kuno. Werenga apa."

"Ma... ta... mba," anawerenga Dalitso.

"Fulumirako pang'ono."

"Ma-ta-mba. Matamba? Iai... matemba!"

"Waona? Wadzikonza wekha. Ndiye kuwerenga kumeneko."

Ambuya anaomba m'manja. Kenaka anafunsa kuti, "Nanga ine wosadziwa lembo, ndingamuthandize bwanji?"

"Makutu muli nao, Ambuya. Madzulo aliwonse, dzuwa lisanalowe, azikuwerengerani. Mau akamveka acilendo, muuzeni abwereze. Akatha, mufunseni zimene nkhaniyo yanena. Asamajombe kusukulu, ngakhale nthawi yokolola. Inenso ndizikhala naye pamodzi ndi anzake a mlingo wofiira."

Pobwerera kunyumba, ambuya anati, "Dalitso, ukabisa cilonda, sing'anga adzacipoletsa bwanji? Usadzabisenso kalata."

"Sindidzacitanso, Ambuya."

Temu yaciwiri yonse, Dalitso anali kuwerenga pakhonde, ambuya akutongola cimanga. Akalakwa, ambuya anali kunena kuti, "Mau amenewo sindinawamvepo. Bwereza!" Masiku ena anali kutopa, koma ambuya anali kumukumbutsa kuti pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kumapeto kwa temu, aphunzitsi anaperekanso makalata. Dalitso anathamangira kunyumba. Anakhala pamphasa, nawerengera ambuya kalata yonse yekha. Pa lipoti la temu imeneyo, kuwerenga kunali pa wacikasu.

"Tsopano tikufuna wobiriwira," anatero ambuya.

Yankhani mafunso awa

1. N'cifukwa ciani Dalitso anabisa kalata?
2. Kodi ana amayesedwa liti m'kati mwa temu?
3. Chulani mitundu inai ya milingo.
4. Kodi ambuya anathandiza bwanji Dalitso?
5. Kodi mwambi wakuti "pang'onopang'ono ndi mtolo" utanthauza ciani?

Nchito

1. Gawani mau awa m'maphatikizo: kalata, lipoti, sukulu, ambuya.
2. Lembani ziganizo ziwiri pogwiritsa nchito mau akuti *temu* ndi *mlingo*.

Nchito ya kunyumba

Werengerani makolo anu nkhani iyi. Afotokozereni tanthauzo la mitundu inai ija.