Chipolopolo, Mphepo ndi Diso: Mayankho a Makalata Anu

Muulutsi: Ino ndi pologalamu yathu ya mafunso ndi mayankho. Makalata ambiri a lero achokera kumunsi kwa mapiri a Dedza, ku Golomoti, ku Mua ndi ku Mtakataka, ndipo onse akuzungulira nkhani imodzi, ya kuwombera chandamale chili patali ndi kujambula kanema wake. Tili ndi bambo amene anaphunzitsa anthu kuwombera kwa zaka zambiri asanapume pa ntchito. Mwaswera bwanji bambo?

Mphunzitsi: Ndaswera bwino achimwene, kaya inu ndi omvera kunyumbako.

Muulutsi: Kalata yoyamba yachokera kwa mnyamata wa ku Golomoti. Akuti: "Ndinaona kanema pa YouTube, munthu akuwombera chitsulo chili pa mtunda wa mamita 1,000. Mumlengalenga munaoneka kamzere kokhota ngati uta, ndipo kulira kwa chitsulocho kunamveka mochedwa. Anzanga akuti n'zopanga pa kompyuta, poti chipolopolo chimayenda mowongoka. Zoona ndi ziti?"

Mphunzitsi: Mwanawe, zimene unaonazo n'zoona, ndipo iwe ndi anzakowo mukuzidziwa kale, kungoti simunaziganizire. Ukafuna kugenda mbalame ili pamwamba pa mlambe wakutali ndi legeni, sulunjika pa mbalame penipeni. Umakweza dzanja pang'ono, chifukwa ukudziwa kuti mwala umatsika m'njira. Chipolopolo nacho ndi chimodzimodzi. Chikangotuluka mu mpope wa mfuti, dziko limayamba kuchikokera pansi.

Titenge chipolopolo cha 7.62, chimene asilikali ambiri amachidziwa. Chimatuluka pa liwiro loposa mamita 800 pa sekondi imodzi. Pa mamita 100 chimakhala chisanatsike kwambiri, masentimita osafika 10. Pa mamita 300 chatsika pafupifupi masentimita 80. Koma mpweya umachichepetsa liwiro, ndiye kuti chifike pa mamita 1,000, amene ndi mabwalo a mpira 10 kuwandanda, chimatenga sekondi imodzi ndi theka kapena kupitirirapo. Pa nthawi imeneyo chimakhala chatsika mamita 10 kapena kuposa, msinkhu wa mtengo waukulu ndithu. N'chifukwa chake wowombera amakweza mpope, chipolopolo chimayamba chakwera kenako n'kutsikira pa chandamale. Uta umene unaona uja ndi umenewo.

Kamzere kaja si utsi ayi. Chipolopolo chothamanga kuposa mawu chimapanikiza mpweya umene chikudutsamo, ndipo kuwala kumapindika pamenepo, monga mmene bwato limasiyira mkwasa pamadzi. Za kuchedwa kwa kulira, mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Chitsulo chikalira pa mamita 1,000, kulirako kumatenga masekondi atatu kuti kufike m'khutu mwako. Ukaona munthu akudula mtengo kutsidya kwa dambo, nkhwangwa imatera kaye, "gu" n'kubwera pambuyo.

Muulutsi: Yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Mtakataka, msodzi. Akufunsa kuti: "Nanga munthu wachiwiri amene amakhala pambali, diso lili pa chipangizo china choonera patali, ntchito yake n'chiyani, popeza sawombera?"

Mphunzitsi: Bambo, funso limeneli landikondweretsa, makamaka poti lachokera kwa munthu wa panyanja. Munthu ameneyo ndiye diso la wowombera. Chipangizo chakecho pa Chingerezi amati spotting scope, ife tingoti choonera patali. Chimaima pa miyendo itatu ngati mphika pa mafuwa, ndipo zambiri zimakulitsa chinthu ka 20 mpaka ka 60. Mfuti ikalira imagwedeza phewa, wowombera n'kutaya chandamale m'maso kwa kanthawi. Mnzake uja sagwedezeka, ndiye amaona pamene chipolopolo chagwera n'kunena kuti, "Wapita kumanja, wachepa pansi."

Koma ntchito yake yaikulu ndi kuwerenga mphepo, ndipo apa inu asodzi mukanakhala akatswiri. Kutsika kwa chipolopolo kumawerengeka pa pepala, sikusintha kwambiri. Mphepo ndiyo yosapanganika. Kamphepo kopingasa ka makilomita 16 pa ola, kongogwedeza nthambi zing'onozing'ono, kamatha kukankha chipolopolo mamita awiri kumbali pa mtunda wa mamita 900, pamene pakati pa chandamale m'pongokula ngati lichero. Mwera wa mu June ndi July mukuudziwa mmene umabwerera, pena mwamphamvu, pena n'kudukiza. Mphepo ya pamene wagona wowombera imathanso kusiyana ndi ya pakati pa njira.

Ndiye amaiona bwanji mphepo? Mu October dzuwa likaswa mtengo, mukaima pa msewu wa M5 pa Golomoti n'kuyang'ana kutsogolo, phula limaoneka ngati pali madzi akuyenda. Umenewo ndi mpweya wotentha umene ukukwera. Pa choonera patali mafunde amenewo amaoneka bwino kwambiri. Akamakwera molunjika ngati madzi owira, ndiye kuti mphepo yaima. Akapendekeka, yayamba. Akamayenda chogona ngati mtsinje wa Livulezi utadzaza, yakula. Wodziwa amapotoza choonera chija kuti chione bwino malo a pakati pa njira, osati pa chandamale penipeni. Luso limeneli limatenga zaka, ndipo ine ndimati ndilo mutu wa masewera onsewa. Kukhethemula mfuti aliyense angathe.

Muulutsi: Mwati masewera. Womvera wina, amene sanalembe kumene akukhala, wangofunsa mwachidule kuti, "Kodi amenewa ndi masewera enieni, kapena ndi zausilikali basi?"

Mphunzitsi: Ndi masewera enieni, akalekale. Ku England kuli bwalo la Bisley, limene lakhala likuchititsa mipikisano kuyambira 1890, ndipo ndime yomaliza ya mpikisano wa King's Prize amawombera pa mayadi 900 ndi 1,000. Kufupi ndi kwathu kuno, ku Bloemfontein ku South Africa kunachitikira mpikisano wa dziko lonse wa kuwombera patali mu 2024. Ku Olympics nako kulipo, koma pa mitunda yaifupi, mamita 10 ndi mfuti ya mpweya ndi mamita 50. Kuno kwathu ambiri amene amaphunzira kuwombera mwadongosolo amaphunzirira pa ntchito, monga ku sukulu ya apolisi ya Mtakataka konko, ku MAFCO ku Salima, kapena pa ntchito yoteteza nyama zakutchire.

Muulutsi: Tsopano ya mtsikana wa ku Mua. Akuti amajambula maukwati ndi zinkhoswe pa foni, ndipo mlendo wina wokonda mbalame anamusiyira choonera patali. "Ndikayika foni pa diso lake, chithunzi chimatuluka kabwalo kakang'ono pakati pa mdima, chimanjenjemera, ndipo masana sichioneka bwino. Ndikulakwitsa pati?"

Mphunzitsi: Mwanangu, sukulakwitsa kwambiri, ndipo chimene uli nachocho ndi chuma. Tiyambe ndi mdimawo. Diso la kamera ya foni liyenera kukhala pakati penipeni pa diso la choonera, komanso pa mpata woyenera, osagunda galasi, osatalikira. Ndi manja okha sungathe. Pamafunika kachogwirira. Amagulitsa, koma iwe uli ku Mua, kumene kuli amisiri osema a ku Kungoni, malo amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Munthu wosema nkhope pa mtengo sangalephere kukusemera kamphete kolowa bwino pa diso la choonera. Kamphete kameneko ukamamatize pa chikuto chakale cha foni, bowo lake litayang'anizana ndi kamera. Kachidutswa ka paipi ya pulasitiki nakonso kamagwira ntchito. Mdima ukatsalabe m'mbali, kokera chithunzi pa foni pang'ono pokha mpaka uchoke.

Kunjenjemera kumabwera chifukwa choonera chimakulitsa chilichonse, ngakhale kugunda kwa mtima wako. Miyendo itatu ija usaitalikitse, ikhale yaifupi, ndipo pakati pake upachikepo jumbo ya mchenga kapena mwala. Usagwire foni pojambula. Lumikiza mahedifoni a chingwe, pa mafoni ambiri batani lokwezera mawu limayambitsa kujambula. Usathamangirenso kukulitsa ka 60. Yamba pa 20 kapena 30, chithunzi chimawala bwino ndipo chimakhazikika.

Za masana, ndi mafunde a kutentha aja ndanena. Kwa wowombera ndi mthandizi, kwa wojambula ndi mdani. Kuchigwa kwanuko kumatentha msanga, ndiye dzuka m'mamawa, ujambule dzuwa lisanakwere, lili kumbuyo kwako. Dina pa chithunzi n'kugwira chala pomwepo kuti foni isamasinthesinthe yokha. Ndipo chonde, usadzayang'ane dzuwa kudzera m'chipangizo chimenecho ngakhale kamphindi, diso limapsa osachiranso.

Amene amajambula chipolopolo chili m'njira amaika choonera kumbuyo kwenikweni kwa wowombera, chokwera pang'ono pamwamba pake, kuti ayang'ane motsata njira ya chipolopolo. Ukakhala chammbali sungakaone kamzere kaja. Amajambula pa slow motion, zithunzi 120 kapena 240 pa sekondi. Bowo la chipolopolo pa pepala silioneka pa mamita 900, n'chifukwa chake amakonda chitsulo chopaka penti yoyera, poti pamene chamenya pamada.

Koma iwe sukusowa mfuti kuti uphunzire zonsezi. Pita kunyanja, upeze mtengo umene nkhwazi imakonda kutera, ukhale phee. Udzaona nthenga zoyera za pakhosi pake zikutukuka ndi mphepo, udzaiona ikuponya mutu chagada polira, kulirako n'kukupeza pambuyo. Kuleza mtima kwake n'komweko, kuwerenga mphepo n'komweko. Chimodzi chokha ndikupemphe. Choonera chimenecho chimafika pamene mwini malo sakukuona. Usachilozetse padooko pamene amayi akusamba, kumanda kapena kudambwe, ngakhalenso pa malo a apolisi ndi asilikali popanda chilolezo.

Muulutsi: Kalata yotsiriza, bambo, ndi ya mlimi wa kufupi ndi Golomoti. Akuti: "Malemu agogo anasiya gogodela. Ndikufuna ndiziyeserera kuwombera zitini kudambo, kapena kulozetsa kunyanja poti kulibe anthu. Pali vuto?"

Mphunzitsi: Vuto lilipo bambo, lalikulu, ndipo ndikupemphani mundimvetsere bwino. Lamulo la mfuti la dziko lino, Firearms Act, sililola munthu kusunga mfuti popanda chilolezo chochokera kupolisi, ndipo chilolezo si chuma chamasiye choti mdzukulu n'kungolowa. Pitani kwa amfumu, akuperekezeni kupolisi mukafotokoze za mfutiyo. Musainyamule nokha kuyenda nayo pamsewu, ndipo musaiyese kuti muone ngati ikugwirabe. Gogodela yokhalitsa imadyeka dzimbiri m'kati, wonga ukayaka mpope umatha kuphulikira m'manja ndi kumaso. Mukalowa nayo m'nkhalango ya Mua-Livulezi kapena ya Dedza-Salima ndiye mwawonjezera mlandu wina, ndipo kuyambira 2017 chilango cha milandu ikuluikulu ya nyama zotetezedwa chimafika zaka 30.

Mwati kunyanja kulibe anthu. Madzi saimitsa chipolopolo chobwera chogona. Chimadumpha ngati kamwala kaphanthiphanthi kamene ana amaponya pamadzi, n'kulowera kumene simunafune, ndipo kumeneko kuli munthu m'bwato akuonjola ukonde. Kachipolopolo kakang'ono ka .22 kamatha kuuluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka. Cha 7.62 chimafika makilomita pafupifupi anayi. Dambo la kwanuko ndi lathyathyathya, mulibe chochitchinga.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Tsiku lina tili pa bwalo lophunzirira, mbendera zofiira zili m'mwamba, alonda ali m'malo mwawo, anyamata atagona kale pamzere, ndinaika diso pa choonera kuti ndione mphepo. Kumbali kwa chimulu cha dothi chimene chimakhala kuseri kwa zandamale ndinaona udzu ukugwedezeka mosiyana ndi mphepo. Kenako nyanga ya ng'ombe. Kenako kamnyamata ka zaka ngati 9, kabudula wong'ambika, kamkwapulo m'manja, kakutsatira ng'ombe yake imene inalowerera. Ndinakuwa kuti onse asiye mfuti pansi. Ndi maso okha palibe akanakaona. Pamenepo panali pa bwalo lokonzedwa, lokhala ndi chimulu, mbendera ndi alonda. Nanga kudambo kwa Golomoti, kumene ng'ombe ndi abusa ake ali ponseponse, inu muli nokha?

Ngati mtima wanu uli pa kulasa chandamale, semani uta, kapena tengani legeni, muike zitini patsinde pa chulu, ana onse ali kumbuyo kwanu. Makolo a kufupi ndi malo ophunzirira kuwombera, uzani ana kuti mbendera yofiira ikakwera asayandikire, ndipo akatola chipolopolo kapena chitsulo chachilendo kutchire asachigogode, asachiponye pamoto, asapite nacho kwa ogula zitsulo. Achisiye pomwepo, akauze akuluakulu, uthenga ufike kupolisi.

Muulutsi: Inu bambo a ku Golomoti, nkhani ya gogodelayo ikafike kwa amfumu sabata ino. Mtsikana wa ku Mua, nkhwazi ija ukaijambula utilembere.