Kuchoka ku Chelstone kukafika ku Antarctica

Funso: Ndine mayi wa ku Chelstone, ndinapuma pantchito yauphunzitsi. Ndimalakalaka kukaona mapengwini ndi zimbalangondo zoyera ku Antarctica. Ndiyambire pati?

Yankho: Amayi, kwerani ndege pa bwalo la Kenneth Kaunda, mudzere ku Addis Ababa ndi Buenos Aires mpaka ku Ushuaia, kumene sitima zambiri zopita ku Antarctica zimanyamukira. Nyengo yake ndi Novembala mpaka Malichi, kuno mvula ikugwa. Kuwoloka nyanja ya Drake Passage kumatenga masiku awiri, ndipo mafunde ake si masewera. Musaiwale mankhwala a mseru.

Sankhani sitima yaing'ono. Yonyamula anthu opitirira 500 siiloledwa kutsitsa aliyense, ndipo kumtunda amatsika 100 okha nthawi imodzi. Mapengwini mudzawaona ambirimbiri, koma zimbalangondozo kwawo ndi ku Arctic.