ULAMULIRO WODZERA MWA MAFUMU: PHUNZIRO LA KU RUFUNSA

Munthu woyenda pa mseu waukuru wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata, akapitirira Chongwe, alowa m'dziko lamapiri la Rufunsa. M'menemo akhala Asoli pansi pa mafumu ao, Bunda Bunda, Mpanshya ndi Shikabeta. Rufunsa anapatulidwa kukhala boma payekha, koma ufumu wa Asoli unalipo Azungu asanafike. M'masiku a Angelezi mipando yotere ndiyo inali khomo lolowera Boma m'midzi, ndipo wowerenga acita bwino kuzindikira macitidwe ace.

1. Ciyambi cace

Kufikira caka ca 1924 dziko la Northern Rhodesia linali m'manja mwa kampani ya British South Africa Company. M'caka cimeneco Boma la ku Mangalande linalandira dzikolo, koma Azungu a pa boma anali owerengeka, ndi ndalama zinali zocepa. Tsono anatsata nzeru ya Lord Lugard, amene analamulira kumpoto kwa Nigeria podzera mwa mafumu a komweko. M'caka ca 1929, Kazembe ali Sir James Maxwell, anaika malamulo awiri: lina la Maulamuliro a Mafumu, lina la Mabwalo a Mirandu. M'caka ca 1936 anaonjeza lamulo lakuti mafumu akhale nalo thumba lao la ndalama, lolandira gawo la msonkho. Ku Nyasaland njira yomweyi inayamba m'caka ca 1933.

2. Macitidwe ace

Mau anali kutsika monga madzi otsika paphiri. Kazembe anauza Bwana D.C., Bwana D.C. anauza mfumu, mfumu inatuma kapaso kwa nyakwawa, ndipo nyakwawa inasonkhanitsa mudzi. Cotero lamulo la msonkho, la kulambula mseu kapena la kulima munda linafika kwa mlimi pakamwa pa mfumu yace, m'cinenero cace. Mfumu inaweruza mirandu monga mwa mwambo wa makolo, inali naye mlembi, nilandira malipiro kwa Boma.

Zokoma zinalipo. Mirandu ya maukwati, ya minda ndi ya colowa inatha pafupi ndi kwao, pamaso pa odziwa mwambo, ndipo thumba lija linathandiza pa nchito zina za m'dziko.

3. Cobisika cace

Komatu cingwe cinali m'dzanja la wina. Munthu sanayesedwa mfumu pa lamulo kufikira Kazembe atambvomereza, ndipo Kazembe yemweyo anakhoza kumcotsa. Bwana D.C. anali nayo mphamvu yakuona mabuku a bwalo ndi kusintha ciweruzo. Kale mfumu yosamvera akuru a dziko inathawidwa ndi anthu ace. Tsopano inayenera kuopa boma koposa bwalo. Lamulo likawawa, anthu anada mfumu imene anaiona ndi maso, pamene wolemba lamulolo anakhala kutali, wosafunsidwa kanthu. Apa ndipo pagona mphamvu ya njira zonse zolambalala m'zaufumu: mwini mau asiyana naye wonena mau, ndipo wolakwiridwa asowa womgwira.

4. Ciyeso ca Citaganya

Cinthuci cinaonekera poyera m'caka ca 1953, pamene Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland anamangidwa pamodzi m'Citaganya, eni dziko akukana. Mfumu iri yonse inaima pa mphambano: ikamvera anthu itaya mpando, ikamvera Boma itaya anthu. Inkosi Philip Gomani wa Angoni a ku Ntcheu anasankha anthu ace. Boma linamcotsa caka comweco, ndipo anamwalira m'caka ca 1954. Pamenepo onse anaona mwini weniweni wa mphamvu ija. Citaganya cinatha pa 31 December 1963, ndipo Zambia analandira ufulu pa 24 October 1964.

5. Masiku a ufulu

M'caka ca 1965 Boma latsopano linathetsa Maulamuliro a Mafumu, niliika makhonsolo m'malo mwao. Koma mphamvu yakubvomereza ndi kucotsa mfumu inangocoka kwa Kazembe kunka kwa Mtsogoleri wa dziko. Cingweci cinadulidwa m'caka ca 2016, pamene malamulo akuru a Zambia anakaniza Nyumba ya Malamulo kupatsa munthu ali yense mphamvu yotere.

Khomo lina likali cikhalire. Lamulo la Malo la 1995 linena kuti malo a makolo sasandulika a munthu mmodzi pa cipepala popanda cibvomerezo ca mfumu ndi ca khonsolo. Cifukwa cace wofuna munda waukuru ku Rufunsa adzera kwa mfumu, monga anacita Boma kale. Lamuloli licinjiriza mudzi ngati nkhani ikambidwa pabwalo, onse akumva. Koma ikakambidwa m'nyumba, citseko cotseka, mlimi adzadziwa poona mpanda pa dambo lodyetsa mbuzi zace. Munthu wanzeru pakumva lamulo afunsa mwaulemu kumene lacokera, ndi amene adzapindula nalo.

Mafunso

1. Cifukwa ninji Angelezi anasankha kulamulira podzera mwa mafumu?
2. Kodi njirayi inasintha bwanji makhalidwe a mfumu ndi anthu ace?
3. Nanga anthu a pamudzi angacitenji kuti nkhani za malo zikambidwe poyera?