Dziwani mjigo wanu wa Afridev

Mijigo yambiri imene mumaiona m'midzi ya m'dziko muno ndi ya mtundu wa Afridev. Kholo lake ndi mjigo wa Maldev umene unayesedwa ku Livulezi m'boma la Ntcheu m'zaka za m'ma 1980, kenako n'kukonzedwanso ku Kenya. Mjigo wa Afridev umakoka madzi mpaka pa kuya kwa mamita 45, ndipo anaupanga dala kuti eni mudzi azitha kuukonza okha.

Mutu ndi handulo zimene zili pamwambazo ndi gawo laling'ono chabe. Mukatsitsa handulo, ndodo zachitsulo zokolowekana zimakweza pulanja m'silinda pansi penipeni. Pa pulanjapo pali kamphira kotchedwa U-seal, kamene kamagwira madzi kuti akwere m'mapaipi. Pansi pake pali futuvavu yoletsa madzi kubwerera m'chitsime. Palibe chimodzi mwa zimenezi chingatulutse madzi pachokha. Kamphira kaja n'kochepa, kokwana m'dzanja la mwana, koma kakangotha, mudzi wonse umabwerera ku dambo ziwalo zina zonse zili bwinobwino.

Ndiye muziumvetsera mjigo wanu. M'mawa madzi akamachedwa kutuluka, dziwani kuti akuthawira pansi usiku: yang'anani bobini ndi mphira wa futuvavu, kapena paipi yang'aluka. Handulo ikayamba kugwedera uku ndi uku, mabushi atha. Musadikire, chifukwa chitsulo chikayamba kudya chinzake mtengo wokonzera umakwera. Pojiga, kwezani ndi kutsitsa handulo mokwanira. Kujiga modukizadukiza ngati mmene amachitira ana kumamaliza mabushi msanga.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti anthu nawonso ndi ziwalo za mjigo. Komiti, thumba la ndalama zosonkha mwezi ndi mwezi, mekaniki wa m'dera ndi sitolo yogulitsa masipeya, zonsezi n'zolumikizana ngati ndodo zija. Mijigo yambiri imene yaima sinaime chifukwa cha vuto lalikulu ayi, koma kuti tsiku limene kamphira kanatha, m'thumba munalibe kanthu.

Malo ozungulira nawo ali m'dongosolo lomweli. Chimbudzi kapena khola zikhale kutali, mamita osachepera 30, ndipo ngalande izitsukidwa kuti madzi asadikhe pa simenti.

Komiti isunge sipanala, ngowe yokokera futuvavu ndi mphira zapadera, ndipo pasathe chaka osatsegula mjigo kuona zimene zatha.