Phunziro: Kope la chakudya cha pakhomo



Ayah yaitali kuposa zonse m'Qur'an ndi ya 282 mu Surah Al-Baqarah, ndipo nkhani yake ndi yolemba ngongole. Ngati Allah adatilamula kulemba ndalama ya pakati pa munthu ndi mnzake, tingalekerenji kulemba imene ikutuluka m'nyumba mwathu tsiku ndi tsiku?

Chofunika ndi kope ndi bolopeni basi. Osadziwa kulemba, itanani mwana wa Sitandade 5 akuthandizeni, masamu nawonso aphunzirire pomwepo. Mukaswali Isha, bambo ndi mayi khalani pansi mulembe zonse zatsikulo: kuchigayo, mchere, mafuta, tomato, usipa, machesi. Musasinthe kadyedwe kaye, ingolembani mwezi wathunthu. Koma abambo ndikuchenjezeni, kopeli si bwalo lozengera mayi mlandu. Tiyi ndi sikono za kutiirumu zilowenso momwemo, ndipo ziyambe ndi zimenezo.

Mwezi ukatha mudzaona kuti ndalama yambiri imathera m'tinthu toyeza. Tiyerekeze kuti mumagula kamafuta ka K500 tsiku lililonse. Pamasiku 30 ndi K15,000. Kafunseni mtengo wa botolo muone kusiyana kwake. Ndikudziwa, wogula toyeza sachita dala, ndalama ya botolo imasowa nthawi imodzi, makamaka chigwereni Kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Apa mpamene chipereganyu chimathandiza: makomo anayi asonkhe, agule chachikulu, agawane. Mulibe riba m'menemo, kusiyana ndi katapila. Ngongole ya pahokala nayo ilembedwe kwanu, osangodalira buku la mwini hokala.

Koma chachikulu ndi chimanga. Tsiku lotsegula thumba la makilogalamu 50, lembani detilo, ndipo likatha lembaninso. Mukatero mwadziwa kuti banja lanu limadya matumba angati kuchokera pokolola kufika Malichi, osachita kumvera kwa aneba. Matumba amenewo ndi osakhudza, ngakhale mavenda abwere ndi sikelo pakhomo. Kuno ku Ligowe timaziona chaka ndi chaka: mu Meyi munthu agulitsa chimanga motchipa kuti agule fulampeni ndi wailesi, mu Januwale akachigulanso pachigoba mtengo utakwera, uku akusiya munda wake kukagwira ganyu kwa ena. Sukulu fizi ndi zovala zichokere ku nandolo, mbatatesi ndi manachesi, zimene Allah adatipatsa kuno ku Neno.

Mneneri Yusuf (a.s.) polangiza mfumu ya ku Iguputo za zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu ndi zisanu ndi ziwiri za chilala, sadangonena zosunga, adanenanso kasungidwe kake, kuti tirigu asiyidwe m'ngala zake. Ifenso chimanga chiume bwino chisanalowe m'thumba, ndipo tithire mankhwala kapena tigwiritse matumba a PICS, chifukwa anankafumbwe amadya osalembetsa m'kope. Chinanso, kukonola kumatapa thumba. Gawo lina limapita ku madeya. Mgaiwa umachedwa kutha, komanso umakhalitsa m'mimba. Ana amang'ung'udza sabata yoyamba yokha.

Inu abale a kunyanja, nkhokwe yanu ndi thandala. Mukudziwa kuti kumapeto a chaka nyanja imatsekedwa kuti nsomba ziswane, komanso Mwera ukaomba bwato limakhala pamtunda masiku angapo. Tsiku lopha usipa wambiri, patulani wa pakhomo musanaitane ogula, ndipo gulani chimanga mu Juni pamene ife akumtunda tikugulitsa. Amayi, nkhwani ndi chitambe za dzinja zifutsidwe; mfutso wotendera nsinjiro mu Okutobala sufuna mafuta.

Ramadhan mukhale nayo tcheru, chifukwa m'makomo ambiri futari imadya ndalama yoposa miyezi imene tikudya usana. Phikani zokwana anthu amene alipo ndi mbale imodzi ya mlendo. Mbale imeneyo, phala la ana ndi sadaka ya amasiye, musazichotse pochepetsa zogula. Zilembeni patsamba lakelake, pamwamba penipeni.

Yambani mwezi ukaoneka, insha Allah. Kope likadzadza musayatsire moto, lisungeni mudzafanizire ndi la chaka chamawa.

Wassalamu alaikum.