Kuphunzira Kufufuza Khalidwe la Nyama

M'phiri la Mulanje muli anyani, apusi, anchima, mbira ndi mbalame zamitundumitundu. Mulinso mtundu wa nadzikambe umene supezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Boma linayamba kuteteza nkhalango ya phirili mu 1927. Koma nyama sungaiteteze bwino usanadziwe chimene imadya, kumene imagona ndi nyengo imene imaswana. Ntchito yofufuza zimenezi imachita kuphunziridwa.

Achinyamata amaphunzira za nyama ndi nkhalango ku Bunda, ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, ndi ku koleji ya zankhalango ndi nyama zakutchire ku Dedza. Luso lenileni limakhwimira kutchire.

Wophunzira amayamba ndi funso limodzi lomveka bwino. Mwachitsanzo: kodi anyani amalowa m'minda ya chimanga nthawi yanji?

Kenaka amazoloweretsa nyamazo kumuona. Tsiku ndi tsiku amakhala chapatali, ali phee. Sazipatsa chakudya ndipo sazithamangitsa. Zimenezi zimatha kutenga miyezi. Nyama zikasiya kumuthawa, amayamba kuzisiyanitsa: uyu ali ndi chipsera pamphuno, uyo ndi woduka mchira.

Tsopano amatenga kope, pensulo ndi wotchi. Amasankha nyani mmodzi n'kumutsatira ndi maso, tinene kwa mphindi 10. Amalemba zonse zimene nyaniyo akuchita: kudya, kuyenda, kupuma, kusewera. Apa pali lamulo lalikulu: lemba zimene waona, osati zimene ukuganiza. Wophunzira salemba kuti "nyani wakwiya". Amalemba kuti "waonetsa mano ndipo wathamangitsa mnzake". Akatero, munthu wina angathe kupita pomwepo n'kukatsimikiza.

Nyama iliyonse ili ndi kafufuzidwe kake. Anadzikambe amafunidwa usiku ndi tochi, chifukwa akagona pa nthambi thupi lawo limayererako ndipo amaoneka msanga.

Pomaliza, wophunzira amawerengera zimene walemba kwa masiku ambiri. Zimene nyama yachita tsiku limodzi si umboni wokwanira. Kudekha kotereku n'kumene kunathandiza Jane Goodall mu 1960 ku Gombe, m'dziko la Tanzania. Iye anaona anyani aakulu otchedwa chimpanzi akupisa udzu m'chulu kuti atulutse chiswe.

Kafukufukuyu amathandiza ife tomwe. Tikadziwa nthawi ndi njira imene anyani amadzera, timalondera minda popanda kupha nyama kapena kutentha tchire. Alimi, otola nkhuni ndi operekeza alendo ku Likhubula, ku Mulanje, amaona nyama tsiku lililonse, ndipo nzeru zawo n'zofunika kwa wophunzira. Inunso, poti mukudziwa kulemba, mungathe kusunga zimene mumaona m'kope.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani wophunzira sapatsa nyama chakudya?
2. Kodi lamulo lalikulu polemba ndi lotani?
3. Sankhani nyama imodzi ya kwanu. Iyang'aneni kwa mphindi 10, ndipo lembani ziganizo zitatu za zimene yachita.