Wawonjezera masipuling'i, nanga mabuleki?

Mphwanga, wagula Hilux yakale ija imene yadutsa m'manja mwa anthu angapo isanafike kwa iwe. Nyengo ya fodya yakwana, mabelo akudikira ku Bolero, ku Mhuju ndi ku Hewe, ndipo pa Rumphi boma anthu ofuna matola sasowa. Anzako akulangiza kale: pita nayo kwa wowotcherera awonjezere masipuling'i awiri kapena atatu mbali iliyonse, aike zitsulo zokweza bodi, amange khola lalitali kumbuyo. Ikatuluka kumeneko imaoneka yadzitho. Koma wadzifunsa kuti chasintha kwenikweni n'chiyani?

Mu Okutobala 1997, kampani ya Mercedes-Benz inali itangotulutsa kagalimoto kakafupi koma kokwera m'mwamba, A-Class. Atolankhani a magazini ya ku Sweden yotchedwa Teknikens Värld anakayesa pokakhotetsa mwadzidzidzi ngati akulewa nyama pamsewu, n'kukabweza msangamsanga. Liwiro linali la makilomita pafupifupi 60 pa ola basi. Kanagubuduzika. Kampaniyo inayamba yaimitsa kugulitsa, inakatsitsa pansi, inasintha masipuling'i ndi matayala, n'kuikamo makina a kompyuta oletsa kutsetsereka. Opanga galimotoyo anali akatswiri okhala ndi zipangizo zonse zoyesera, ndipo galimoto yake inali yatsopano. Nanga yako, ya zaka 30, yokwezedwa ndi maso okha, mabelo ataunjikidwa kupitirira denga, anthu atakhala pamwamba pake?

Cholakwa chachikulu chimachitika tsiku lomwe mwini galimoto waona kuti kumbuyo sikukugwadanso, n'kuganiza kuti tsopano ingasenze zambiri. Kugwada kuja ndiko kunali pakamwa pa galimoto. Inkakuuza kuti yalemedwa. Iwe waitseka pakamwa, koma mphamvu zake ndi zomwe zija. Pikapu yotere inapangidwa kuti izisenza pafupifupi tani imodzi, kutanthauza matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50, ndipo munthu aliyense amene wakwera amachotsera pa chiwerengero chimenecho. Chasisi ndi yomwe ija, maberingi ndi omwe aja, matayala ali ndi malire ake olembedwa m'mbali mwake. Mabuleki nawo sanakule.

Pali chinanso chimene owotcherera ambiri sakuuza. Mapikapu ambiri a zaka zimenezo ali ndi kavalavu kumbuyo, kolumikizidwa ndi kachitsulo kochokera pa dif, kamene kamayeza mmene galimoto yagwadira. Ikagwada, kavalavuko kamalola mphamvu yochuluka kupita ku mabuleki akumbuyo. Ukaikweza osakasintha, kamaona ngati galimoto ilibe katundu, n'kumamana mabuleki akumbuyo mphamvu. Ntchito yonse imagwera akutsogolo. Pamsewu wa see sungazindikire kanthu. Udzazindikira ukutsika Chiweta pa M1, mabuleki atatentha, ukuponda koma galimoto ikungopitabe, kutsogolo kuli kona ndi lole ya malasha. Ndipo Golodi, ndi makona ake 20 pakati pa Chitimba ndi Livingstonia, sakhululukira galimoto yopendekeka.

Zizindikiro zimabwera ngozi isanafike, vuto n'loti timazizolowera. Kodi chiwongolero chimapepuka ukapakira, ngati matayala akutsogolo sakugwira pansi bwino? Kodi galimoto imaweramira mbali imodzi pakona n'kuchedwa kuwongoka? Ukaiyang'ana kumbuyo ikuyenda, kodi matayala akumbuyo akutsata mapazi a akutsogolo, kapena ikuyenda chammbali? Ngati ikuyenda chammbali, bauti ya pakati pa masipuling'i yathyoka kapena mabauti omanga amasuka, makamaka ngati anabwezerapo akale omwe. Lowa pansi uone mapaipi a labala a mabuleki. Bodi ikakwezedwa iwo satalika, amangokokeka, ndipo tsiku lina pa bampu adzaduka mafuta onse n'kutayika. Yang'ananso pamene masipuling'i amagwira chasisi: kamzere ka dzimbiri kooneka ngati tsitsi ndi mng'alu umene wayamba.

Ndipo ukaona sipuling'i yowotcherera, usalole kuti ibwerere pagalimoto yako. Chitsulo chimenecho chinaumitsidwa ndi moto mwa muyeso kufakitale, ndipo moto wa wowotcherera umachifooketsa pafupi ndi pamene walumikizapo. Chidzathyokera pomwepo, ndipo nthawi zambiri chimathyoka galimoto itadzaza.

Usadzitonthoze ndi COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Pepala limenelo unalipeza galimoto ili yopanda kanthu, pamalo a see. Silinakwere nawe ku Nyika, silinaone mabelo ako.

Ngati masipuling'i atopa, gula ena a muyeso wa galimotoyo, ndi mabauti atsopano, ndi mashoko oyenera. Ngati wakweza kale, bwerera kwa makaniko sabata ino akasinthe kavalavu kaja ndi kuika mapaipi otalikirapo. Katundu wolemera aziyamba pansi, kufupi ndi kabini. Mabelo akachuluka, yenda maulendo awiri, ndipo pa Chiweta lowetsa giya yaing'ono usanayambe kutsika.